Mawaya a m'mano aja: zimene muyenera kudziwa musanayike ma braces

Zaka ziwiri zonse zimene mwana wanga wamkazi anakhala ndi mawaya m'mano, mafunso sanandipatse mpata. Kutchalitchi, mumsika wa Zomba tikusankha tomato, olo mu minibasi yopita ku Matawale, iye akangoseka basi wina wayamba kale, "Mayi pepani, mwanayu anachita ngozi?" Wina, "Ndi fashoni ya ana a masiku ano eti?" Koma amene ankandikhudza mtima ndi azimayi anzanga amene ankadikira kaye kuti anthu achoke kenako nkundikokera pambali, kunong'ona kuti wanganso mano ake ndi okwerana moti kusukulu saseka, akafuna kuseka amatseka pakamwa ndi dzanja, kodi zimenezi mumapangitsa kuti, nanga zimapweteka bwanji. Ndiye ndati ndingolemba zonse pamodzi. Ine si dokotala, ndine kholo limene lakhala pabenchi ya chipatala cha mano kambirimbiri nkumafunsa mpaka kumvetsa. Ndipo chachikulu chimene ndinamvetsa ndi chakuti ma braces si katundu woti mwagula lero ndiye mwathana nazo, ndi ulendo wautali, ndipo woyenda ulendowo ndi inuyo ndi mwana wanu, adokotala amangolondolera njira.

Tiyambe ndi funso limene ine linkandisowetsa mtendere, loti dzino lolimba chonchi lingasunthe bwanji osazuka. Dzino silinakhomeredwe m'fupa ngati msomali m'thabwa ayi. Pakati pa muzu wa dzino ndi fupa la nsagwada pali timinyewa ting'onoting'ono tomwe timagwira dzinolo, nchifukwa chake mukaligwedeza ndi chala mumamva kuti likusuntha pang'ono pokha. Ndiye dzino likamakankhidwa pang'onopang'ono koma mosalekeza, thupi lenilenilo limayamba kusungunula fupa kumbali imene dzino likulowera, uku kumbuyo kumene likuchokera likumanga fupa latsopano, ngati mmisiri amene akugumula khoma kutsogolo akuwaka lina kumbuyo. Ntchito imeneyi sithamangitsika. Dzino limayenda pafupifupi milimita imodzi pa mwezi, ndiye mukawerenga mano onse ofunika kusuntha ndi pamene mumamvetsa chifukwa chake anthu ambiri amakhala nawo miyezi 18 mpaka 24, ena mpaka zaka zitatu. Amene angakulonjezeni kuti mano okwerana kwambiri awawongola pa miyezi itatu, muthaweni. Mphamvu ikachuluka mizu imawonongeka, dzino limagwedera, mwinanso kufa kumene.

Ma braces enieniwo ndi tizitsulo tating'ono tomwe amamata ndi guluu wapadera pa dzino lililonse, kenako waya amadutsa mu tizitsulo tonseto, ndipo timalabala tamitundumitundu tija, tomwe ana amakonda kusankha kala yake, ndi tomwe timagwira wayayo kuti asachoke. Waya woyambirira amakhala wopyapyala, wopangidwa ndi nickel ndi titanium, ndipo khalidwe lake ndi lakuti olo mumupinde amafuna kubwerera mmene anapangidwira. Adokotala amamupinda kutsatira mano okhotawo, iye pofuna kuwongoka amakoka mano aja. Miyezi ikamapita amasintha nkumaika mawaya okhuthala komanso olimba.

Nanga mano amakhota chifukwa chiyani? Zambiri ndi zakumtundu. Mwana amatha kutenga mano akuluakulu a bambo ake ndi nsagwada yaing'ono ya amayi ake, malo nkuchepa, mano nkuyamba kukwerana. Wanga zinali choncho, mano osongoka aja a m'mwamba anasowa malo nkumerera pamwamba pa anzake m'nkhama. Koma pali zina zimene makolofe tingathe kupewa ndipo zimandiwawa kuti palibe anatiuza msanga. Mwana amene akuyamwabe chala atafika zaka 5 kapena 6 amakankhira mano akutsogolo kunja, mwina mpaka a m'mwamba ndi a m'munsi osakumana akatseka pakamwa. China ndi ichi, timakonda kunena kuti mano aubwana alibe ntchito poti aguluka kale, likabowoka ndi maswiti timangoti akazule basi. Koma mano 20 aubwana aja amasungira malo mano a ukulu amene adzalowe m'malo mwake. Dzino lotafunira likazulidwa nthawi yake isanakwane, oyandikana nawo amapendekera mumpatamo, lobwera pambuyo nkupeza pakhomo potseka. Ndiponso pa zaka pafupifupi 6 kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lotafunira la ukulu popanda lina kuguluka, ambiri timaliyesa laubwana nkulilekerera liwole, pamene ndi dzino limene mano ena onse amayendera.

Madokotala amagawa kakumanidwe ka mano m'magulu atatu, njira imene anayambitsa dokotala wa ku America dzina lake Edward Angle mu 1899 ndipo mpaka lero mudzamva akuti Class 1, Class 2, Class 3. Yoyambayo nsagwada zili bwino koma mano okha ndi opanikizana kapena otalikirana. Yachiwiri ndi ija mano a m'mwamba amatsogola kwambiri moti milomo imavutika kutsekeka, ndipo ana oterewa akagwa posewera mano akutsogolowo sachedwa kuthyoka. Yachitatu ndi pamene chibwano cha m'munsi ndi chimene chatsogola. Kudziwa gulu nkofunika chifukwa vuto la mano okha ndi vuto la fupa la nsagwada sizikonzedwa mofanana. Apa ndinenepo za kampata kapakati pa mano akutsogolo, kaja ambiri kwathu kuno timakaona ngati kukongola. Ngati mwini wake akukakonda, mano akutsukika bwino ndipo akutafuna bwinobwino, palibe chifukwa chokatsekera, musalole wina akuchititseni manyazi nako. Ndipo ma braces sayeretsa mano. Mano ofiirira chifukwa cha madzi a pamjigo a m'madera ena, amene amakhala ndi fluoride wochuluka, ndi nkhani ina yofuna chithandizo china.

Za msinkhu, akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo pa nkhani ya mano mwambiwu uli ndi mbali yake yoona. Bungwe la madokotala owongola mano la ku America limalangiza kuti mwana akawonedwe koyamba asanapitirire zaka 7. Sikuti pa zaka 7 amuika mawaya ayi, ambiri amangouzidwa kuti dikirani tizimuona, koma pali mavuto ena monga nsagwada ya m'mwamba yopapatiza kapena dzino limene latsekeredwa m'fupa, amene amakonzeka mosavuta mwana akadali kukula. Ma braces a mano onse nthawi zambiri amayikidwa pa zaka 11 mpaka 14, mano aubwana atatha kuguluka koma mafupa akadakula. Wanga anayamba ali ndi zaka 13.

Tsopano kopita. Kuno madokotala a mano ndi ochepa kwambiri, ndipo mpaka 2019 dziko lathu linalibe sukulu yake yophunzitsa madokotala a mano, ofuna ntchitoyi ankapita kunja. Maphunzirowa anayamba chaka chimenecho ku College of Medicine ku Blantyre, imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland mu pulojekiti ya MalDent. Ambiri amene timawapeza m'zipatala za boma ndi ma dental therapist, amene ntchito yawo ndi kuzula, kumata ndi kutsuka mano, ntchito yofunika zedi, koma kuwongola mano ndi luso lina. Katswiri wake, amene amamutcha orthodontist, ndi dokotala wa mano amene anawonjezera zaka zina ziwiri kapena zitatu kuphunzira zimenezi zokhazokha. Palinso madokotala a mano wamba amene anaphunzirako zoika ma braces. Ife a ku Zomba poyambira pabwino ndi ku dipatimenti ya mano ku Zomba Central Hospital kapena kiliniki ya mano imene muli nayo pafupi, akaone ngati pali obowoka ndi kutsuka, koma mawaya enieniwo kawirikawiri mudzawapeza m'zipatala zolipira ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ndipo musaope kufunsa kuti adokotala, kodi munalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, mwathandizapo anthu angati a vuto ngati ili, tingaone zithunzi? Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa.

Ulendo woyamba saika kanthu. Amayang'ana m'kamwa, kujambula zithunzi za nkhope ndi mano, kujambula X-ray imene imaonetsa mano onse ndi mizu yake ngakhale amene sanamere, kenako kutenga chikombole cha mano ndi phala lina lozizira limene limauma m'kamwa momwemo, kapena kujambula ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta. Dzino lililonse lobowoka limatidwe kaye, nkhama zotuluka magazi zichire kaye. Kenako ndi pamene amakukhazikani pansi kukuuzani pulani. Ifeyo pulani yake inali yakuti mano anayi abwinobwino azulidwe, aja ali kuseri kwa osongoka, awiri m'mwamba awiri m'munsi, kuti papezeke malo. Bambo ake anakana kaye, anati tabwera kudzakonza mano osati kudzachepetsa. Mwana nayenso m'minibasi pobwerera, tikudutsa pa Namadzi, anangoti, "Amayi, ndiye ndizikhala ndi mipata ngati agogo?" Tinakhala sabata yathunthu tikukambirana mpaka tinabwereranso kukafunsa bwino, adokotala anatenga chikombole chija nkutionetsa ndi rula kuti malo akuperewera mamilimita angati. Mipata ija inatsekeka yonse pasanathe chaka ndi theka. Si aliyense amazulidwa, ambiri sazulidwa nkomwe, koma mukauzidwa zimenezi muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake ngakhalenso kukamva kwa dokotala wina.

Tsiku loika silipweteka, palibe jakisoni, amangotsuka mano, kuwaumitsa, kumata tizitsulo ndi kuwalitsa katochi kabuluu kuti guluu agwire, ola limodzi kapena awiri zatha. Ululu umabwera madzulo ake. Usiku umenewo wanga anakhala pamkeka akuyang'ana mbale ya nsima ndi usipa misozi ili m'maso, akuti mano onse akumveka ngati wina wawamenya. Masiku atatu oyambirira tinkadalira phala, nthochi zakupsa, mapeyala, mbatata yophika yofinya ndi chambiko, ndi Panado potsatira mlingo umene anatiuza. Pofika tsiku lachisanu anali atayambanso nsima yofewa. Tizitsulo tija timakwechanso mkati mwa milomo ndi masaya nkupanga tizilonda, apa amakupatsani phula loti muzimata pa kachitsulo kamene kakukanda, komanso kuchukucha madzi ofunda a mchere kumathandiza. Pakatha masabata awiri kapena atatu m'kamwa mumazolowera. Ululu wocheperapo umabwereranso tsiku limodzi kapena awiri nthawi iliyonse akasintha waya.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a ma braces ndi zakudya. Nzimbe ayi. Chimanga chootcha cha pamsewu chija ayi, pokhapokha mutachikonola ndipo chikhale chanthete. Chimanga chokazinga, mtedza wokazinga wolimba, kukukuta mafupa a nkhuku, mango aawisi oluma ndi mano akutsogolo, chingamu, maswiti omata, zonsezi zimathothola tizitsulo kapena kupinda waya. Kutsegula botolo la Fanta ndi mano kapena kutafuna peni mkalasi ndiye osayerekeza. Mango akupsa, maapozi, kanyenya, angathe kudya koma zodulidwa tizidutswa nkutafunira kumbuyo. Wanga nyengo ya nzimbe inamugonjetsa kamodzi, anzake akudya pobwera kusukulu iye nkuluma kamfundo kamodzi, tizitsulo tiwiri nkumatuka. Zinatitengera ulendo wapadera wa ku Blantyre ndipo mwezi umenewo mano aja sanayende.

Koma chimene chimandiopsa kuposa kuthothoka kwa kachitsulo ndi kutsuka. Chakudya chimakodwa paliponse, masamba a nkhwani, timinga ta usipa, nsima yomwe, ndipo zikagona pamenepo tizilombo timatulutsa asidi amene amadya dzino mozungulira kachitsuloko. Tsiku lochotsa mawaya mudzapeza mano owongoka bwino koma lililonse lili ndi banga loyera ngati choko, mwina bowo kumene, ndipo mabanga amenewa sachoka wamba. Ndinaona mnyamata wina pabenchi paja zitamuchitikira, amayi ake anali chete osadziwa kuti akondwere kapena alire. Ndiye mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, kosachepera kawiri patsiku makamaka asanagone, ngati nkotheka akangotha kudya, pamwamba pa tizitsulo, pansi pake ndi m'mphepete mwa nkhama, kuphatikizapo kamswachi kakang'ono kolowa kunsi kwa waya. Zakumwa za shuga monga Sobo ndi zozizilitsa kukhosi zichepe, ndipo asamangopsontha tsiku lonse. Mwana amene panopa kutsuka mano mpaka mumukalipire, sanakonzeke kuvala ma braces, yambani mwakonza zimenezo.

Nkhani imene anthu a ku Zomba tiyenera kuiwerengera bwino ndi ya maulendo. Pakatha masabata 4 mpaka 8 mumayenera kubwerera kuti akasinthe waya ndi timalabala. Blantyre ili pa mtunda wopitirira makilomita 60, ndiye ndi kudzuka m'bandakucha, kudikira minibasi idzadze pa depoti, kutsika ku Limbe kukwera ina, mwana kujomba kusukulu, inu kupempha tchuthi kuntchito kapena kutseka bizinesi, anthu awiri kupita ndi kubwera, kwa zaka ziwiri. Thiransipoti imeneyi muyiphatikize pa mtengo wa ma braces kuyambira pachiyambi. Ndipo pokambirana za ndalama, poti ndi zodula ndithu, funsani zonse zilembedwe papepala, kodi mtengowu ukuphatikiza X-ray, kuzula, maulendo onse, kumatanso kachitsulo kakathothoka, ndi retainer ya kumapeto, kachipangizo kogwira mano kuti asabwerere mawaya akachotsedwa? Dipoziti ndi zingati, zotsalazo tizilipira bwanji, nanga kwacha ikagwa mtengo usintha, poti zipangizozi zimachokera kunja? Ngati muli pa sikimu ya zachipatala funsani kaye ngati amalipira zowongola mano musanayambe. Ndikulimbikira apa chifukwa kusiyira panjira nkoipa kuposa kusayamba. Munthu wazulidwa mano anayi, ndalama zatha pa mwezi wachisanu ndi chitatu, akungoyenda ndi mawaya opanda womuona, mipata ili yasa, mano akuwola kunsi kwa tizitsulo. Bola kudikira chaka mukusonkhanitsa.

Chapakati pa ulendowu ambiri amapatsidwa timalabala tina tokoleka kuchokera mano a m'mwamba kupita a m'munsi, toti azivala yekha pafupifupi tsiku lonse ndi kusintha tsiku lililonse. Timeneti ndi timene timakonza kakumanidwe ka mano, ndipo apa adokotala alibe chochita ngati mwana akutisiya m'thumba la yunifolomu. Kuvala lero mawa osavala, dzino limapita nkubwerera, miyezi nkumawonjezekera.

Akuluakulu nanunso musadzione ngati sitima inakusiyani. Mnzanga wina wa kuntchito wa zaka za m'ma 40 anayika ataona za mwana wanga, anati moyo wake wonse pa zithunzi za ukwati ndi za tchalitchi sanasekepo. Fupa limasungunuka ndi kumangika pa msinkhu uliwonse bola nkhama ndi fupalo zili zathanzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti kwa wamkulu zimatha kuchedwerapo, ndipo poti nsagwada inasiya kukula, vuto lalikulu la fupa mawaya okha sangalithetse, ena limafuna opaleshoni. Matenda a nkhama ndi amene ayenera kuonedwa kwambiri, makamaka kwa osuta fodya ndi odwala shuga, chifukwa kukoka dzino limene fupa lake ladyeka kale ndi kulifulumizitsa kuguluka. Muwauzenso adokotala mankhwala onse amene mumamwa. Kwa amene akuchita manyazi ndi zitsulo pali tina tofanana ndi mtundu wa dzino, komanso timapulasitiki toonekera tovala ndi kuvula ngati ta Invisalign, tosintha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Timeneti ndi todula kwambiri, sitikwanitsa vuto lililonse, ndipo timafuna kukhala m'kamwa maola 20 mpaka 22 patsiku, kuvula pakudya ndi potsuka basi.

Ndichenjezenso achinyamata, ana athu a ku Chanco ndi m'masekondale, za ma braces a fashoni amene amaoneka pa TikTok ndi Facebook, omata munthu wamba kapena odziika wekha. Waya aliyense womatidwa pa mano amakoka, kaya woikayo akudziwa kumene akukokera kaya sakudziwa, ndiye mano abwinobwino amatha kukhota, osanenanso za guluu ndi zitsulo zosadziwika ndi zipangizo zosaphitsa. Enanso amamanga labala pa mano awiri akutsogolo kuti atseke mpata, labalayo amatha kutsetserekera mkati mwa nkhama osaoneka nkumadya fupa mpaka mano onse awiri kuguluka.

Tsiku lochotsa linali la chisangalalo, amangokanikiza kachitsulo kalikonse ndi kapulayala nkuthothoka, kupala guluu wotsala, basi. Mwana anakhala akuyendetsa lilime pa mano akuti akuterera ngati mbale yadothi. Ine ndinkayesa tamaliza. Adokotala anati ayi mayi, fupa latsopano lija silinakhwime ndipo timinyewa tija timakumbukira pamene dzino linali, mukawasiya mano abwerera. Ndiye pali retainer, kwa ena ndi kawaya kopyapyala komata kuseri kwa mano akutsogolo kosaoneka, kwa ena ndi kapulasitiki kovala ndi kuvula, poyamba nthawi yaitali kenako usiku wokha, ndipo madokotala ambiri masiku ano amati usiku umenewo ndi wa zaka zonse zimene mukufuna mano akhale owongoka. Isamayikidwe m'madzi otentha imapindika, isamakulungidwe mu tishu patebulo imatayidwa limodzi ndi zinyalala.

Tchuthi chapitachi mwana wanga anapita kwa agogo ake ku Thondwe nkuiwala kabokosi ka retainer yake kunyumba, masiku asanu okha. Atabwera inalowa movutikira, akuti ikuthina ngati tsiku loyamba lija, ndipo anagona ndi ululu masiku awiri mano asanabwerere m'malo. Pano kabokosiko kamakhala pamwamba pa Baibulo lake pafupi ndi bedi, ndipo ndikamazimitsa magetsi ndimafunsabe kuti wavala, iye amangondionetsa mano mumdimamo nkuti, "Ndavala amayi, gonani."